Foni ya a Ngozo Itayamba Kusamba

Minibasi iyi sinyamuka msanga, kondakitala uja wapita kukasaka anthu mpaka kwa ogulitsa tomato. Ndiye inu amayi a chitenje chobiriwira, ndakuonani mukudinadina pa foni ngati pali zimene mukufufuta. Musachite manyazi, sindikufunsani. Koma tamverani zimene kufufuta kunachita m'nyumba mwanga. Ndikukuuzani chifukwa pano ndi pa Nsipe, ine kwathu ndi ku Biriwiri, simundidziwa, ndipo tikatsika aliyense alowera kwake.

Ine ndine Lufina, mayi a Chiso. Amuna anga ndi a Fabiano, koma musayerekeze kuwaitana choncho, amakwiya. Iwo ndi a Ngozo, Mngoni weniweni! Bambo awo anakhalitsa ku migodi ya ku Joni, ndiye kuyambira kale mbiri ya kwathu ndi yoti Chingoni chimene tonse tinataya chinatsalira m'kamwa mwa a Ngozo. Pa ukwati, pa ngoma, akangolawa kachikho kamodzi mumva, "Buya lapa! Hamba! Checha!" anthu m'manja, amayi nthungululu. Ine ndemwe ndinkakhala patsogolo kululuta. Ndikanadziwa bwanji kuti amenewo ndi mawu amene akapitawo ankakalipira nawo anthu pansi pa mgodi? Nanga pamudzi panali wina woti awatsutse?

Tsono kunabwera uthenga pa Watsapu. Yankho, mwana wa alongo awo a Ngozo amene amagwira ntchito ku Joni, akuti akubwera kudzaonetsa mkazi yemwe wapeza kumeneko, ndipo abwera ndi apongozi ake omwe. Abale anasonkhana kwathu, nkhawa ili pankhope: nanga Mzulu tidzamulankhula chiyani? Wina n'kuti, "Mukuvutikiranji? Si tili ndi a Ngozo!" Aliyense mtima pansi. A Ngozo anaseka nawo, koma ine ndinaona kuti mbatata imene inali m'manja mwawo sanaimalize.

Foni m'nyumba mwathu ndi imodzi, ya galasi lalikulu, tinagula kutsidya kwa msewu, pajatu kwathu ukangodumpha tala wafika ku Mozambique. Ine sukulu sindinapite nayo patali, kulemba pa tizilembo tija ndimachedwa. Chimene chinkandithandiza n'choti ukadina pofufuzira paja, pansi pamatuluka zonse zimene unafufuzapo kale. Achinyamata amati hisitole, ndiye kuti mbiri ya foniyo. M'menemo ndi mmene munali nyimbo zathu za kwaya ya amayi, masitayelo a madiresi, mankhwala a mbozi za kabichi. Ndinkangodina, basi nyimbo yayamba.

Sabata imeneyo foni inayamba kupita kudimba. Munthu woti khasu amaliiwala pakhomo, foni osaiiwala! Tsiku lina ndikuwapititsira madzi akumwa, ndisanafike pa nthochi zathu ndinamva mawu a mkazi. Ofewa, abale inu, olankhula pang'onopang'ono ngati akunyengerera mwana kumwa mankhwala. Mkaziyo akalankhula, a Ngozo ayankha. Akalankhulanso, a Ngozo ayankhanso, lilime likuchita kulira m'kamwa ngati akuitana nkhuku. Atandiona, foni m'thumba, khasu m'manja, n'kuyamba kulima pomwe analima kale.

"Mumalankhula ndi ndani?" ndinafunsa.

"Ndani? Ndi wailesi."

"Wailesi imayankhidwa?"

"Mayi a Chiso, mwabweretsa madzi kapena mlandu?"

Titabwerera kunyumba ndinatenga foni kuti ndiyeserere nyimbo ya Lamulungu. Kudina pofufuzira paja, mbee! Palibe nyimbo, palibe diresi, ngakhale mbozi imodzi.

"A Ngozo, nyimbo zanga zapita kuti?"

"Foni imafuna kusamba. Ikadzaza imalemera."

"Wakuuzani ndani zimenezo?"

"A Yoramu."

Inu, a Yoramu ndi nkhoswe ya amuna anga, amakonza njinga pa siteji, munthu wodziwa chilichonse theka. Ndinadzamva pambuyo pake kuti a Ngozo anapita kwa iwo n'kuwanong'oneza, "Kodi pali njira yoti munthu asaone zimene ndimaonera pa foni?" A Yoramu sanafunse n'komwe kuti zotani. Anangoseka, n'kuwamenya paphewa, "Achimwene, mwachedwa kukula! Mwamuna wochenjera foni yake imagona yosamba." Basi n'kuwaonetsa timadontho titatu tapakona tija, n'kudina pa mbiri, n'kufufuta zonse.

Tsono abambo amene mwakhala kumbuyoko, imvani ichi mwaulere. Foni ikakhala ndi zinyalala, mkazi amawerenga, n'kukwiya pang'ono, n'kuiwala. Koma yoyera? Yoyera mkazi amaidzaza yekha ndi zimene akuganiza. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ine ndikuwonjezerapo kuti munthu akamasesa pakhomo masana, nkhuku imene wadya si yake. Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka wapolisi m'nyumba mwanga momwe.

M'mawa mwake a Ngozo ali kosamba ndinatsegula poonera mavidiyo paja. Mayo ine! Nkhope ya mkazi mmodzi, pamwamba, pakati, pansi. Akumwetulira, mano oyera, mikanda m'khosi. Zolemba zake zinali za Chingerezi, koma nkhope sifuna womasulira.

"Uyu ndani?"

"Zimangobwera zokha zimenezo," anatero a Ngozo, sopo ali m'khutu.

"Bwanji sizibweretsa agogo anu?"

Sanadye n'komwe, liwiro kwa a Yoramu. A Yoramu n'kuti, "Aaa, tinangosesa pabwalo, tinaiwala m'zipinda." Ulendo uno anatsuka chilichonse chimene chala chinakhudza, Watsapu yomwe. Gulu la kwaya linapita. Mauthenga a amayi a ku Lilongwe amene amandigula kabichi anapita. Zithunzi za mdzukulu wanga, mwana wa Chiso, zimene ndinkaonetsa aliyense pa chigayo ngakhale asanapemphe, zinapita. Koma mkazi wa mikanda uja, mawa lake foni itangochoka kudimba, anali atabwerera pamalo pake, akumwetulira.

A Yoramu atamva anavula chipewa n'kukanda mutu. "Ameneyu ndi wamakani. Tingoibweza foniyi ikhale ngati yatsopano." Anadina, foni inazima, inayaka, ndipo itadzuka inakumbuka kwawo. Chipwitikizi chokhachokha! Ukadina apa ikukufunsa zosamveka, ukadina apo ikukufunsanso. Manambala onse anapita, ya Yankho yomwe, moti tsiku lofika alendo panalibenso wolidziwa.

Apa ndiye kuseka kunandithera. Ndikunena zoona, mtima unandipweteka. Munthu amene wakalamba naye mpaka kuona mdzukulu afufute chithunzi cha mwana pofuna kubisa mkazi wa mikanda? Ndinaitanitsa ankhoswe.

Tinakhala pakhonde m'mawa. Kumbali yanga kunali alongo anga a Goliati, aafupi ngati mtondo koma mawu ake omveka kutsidya kwa malire. Kumbali yawo kunali a Yoramu omwewo. Anthu oyandikana nafe onse mwadzidzidzi anapeza ntchito pafupi ndi mpanda wathu.

"Alamu," anayamba a Goliati, "chimene mukufufuta m'foni mpaka kuiiwalitsa chilankhulo n'chiyani? Nanga mkazi amene mumayankhana naye kudimba ndani?"

A Ngozo anayang'ana pansi. Anayang'ana a Yoramu. Anayang'ana kumpanda kumene mitu inali itandanda. Ndinaona milomo ikuyenda ngati munthu amene akusankha pakati pa njoka ndi moto. Kenako anati:

"Ndi... ndi chibwenzi."

"Ine ndinawauza!" analumphira a Yoramu, bodza lili m'maso. "Ndinati achimwene, mapanga awiri avumbwitsa."

"Dzina lake ndani?" anafunsa a Goliati.

"Ndinafufuta."

"Amakhala kuti?"

"Kutali."

Ndinalira, osati za chiphamaso ayi. Kuganizira n'kwina, kumva ndi khutu lako n'kwinanso. Nditapukuta misozi ndinati, "A Ngozo, pano ndi pamudzi pa amayi anga. Munabwera ndi bulangete ndi kasutikesi. Sindikufuna kuchititsa manyazi Yankho, ndiye alendo akabwera muwalandire, koma akamapita inunso mutsate msewu womwewo." Anangowerama.

Mawa lake masana galimoto inaima pakhomo popanda chenjezo. Yankho! Mudzi wonse unakhamukira kwathu kudzamva Chingoni chikukumana ndi Chizulu. Anawakankhira a Ngozo kutsogolo, wina n'kuwaveka nthenga kumutu, wina n'kuwapatsa chibonga m'manja. Thukuta, abale, ngati anyowa ndi mvula. Anatsegula pakamwa, osatuluka kanthu, zikuoneka kuti za m'mutu nazonso zinali zitasamba. Pamenepo mtsikana anatsika m'galimoto, chitenje m'chiuno, n'kugwada.

"Muli bwanji amalume? Ine ndine Alinafe, kwathu ndi ku Balaka."

Ku Balaka! Pompa apa! Anakumana ndi Yankho ku tchalitchi cha Amalawi ku Joni, ndipo mayi ake anangowatengera panjira. Sindinaonepo munthu akuyankha kuti "Tili bwino, kaya inu" ndi chimwemwe chotero. Anthu atadandaula kuti aphonya Chingoni, a Ngozo anakonza nthenga zija n'kunena kuti mlendo sumusokoneza ndi chilankhulo chimene sachimva, umenewo si ulemu wa Angoni.

Alendo atadya ndinamukokera Yankho kuseri kwa khitchini n'kumupatsa foni. Iyeyo ndi amene anatitsegulira akaunti ya pa foniyo atabwera ulendo wapitawo, ndipo mawu achinsinsi ankawakumbukira. Anaichotsa Chipwitikizi, analemba zolemba zake, anayang'ana, kenako anayamba kuseka mpaka kukhala pansi padothi.

"Anti, amalume anasesa m'nyumba koma zinyalala anakazisunga m'nkhokwe. Zimene munthu waonera zimatsalanso ku akaunti. Imvani ndikumasulireni. Kupereka moni m'Chizulu, phunziro loyamba. Kupereka moni m'Chizulu, phunziro loyamba. Phunziro loyamba. Phunziro loyamba. Anti, lachiwiri sanafikeko!"

"Nanga mkazi wa mikandayo?"

"Ndi mphunzitsi ameneyo. Amaphunzitsa dziko lonse, amalume sawadziwa n'komwe."

Sindinadziwe kuti ndiseke kapena nditenge mthiko. Ndinamulumbiritsa Yankho kuti asauze munthu, n'kulowa kuchipinda. Ndinawapeza a Ngozo akupinda bulangete, kasutikesi kali pabedi. Ndinatseka chitseko n'kudina foni. Mawu ofewa aja anayamba. A Ngozo anakhala pa bulangete lija pang'onopang'ono.

"Chibwenzi chanu ndi ichi?"

Anangoyang'ana kasutikesi kaja.

"Bambo a Chiso, mumati muchoke pakhomo pano, musiye dimba, musiye ine, chifukwa cha phunziro loyamba?"

"Ndikanapita kwa achimwene ku Tsangano. Mukanadzandikhululukira m'tsogolo."

"Bwanji osangondiuza?"

"Inu ndi amene mumalulutira kwambiri," anatero chapansipansi. Apo ndiye chisoni chinandigwira, ukali n'kutsika theka. Ndinawauza kuti amasule sutikesiyo, ndipo tikaitane ankhoswe tiwauze zoona kuti dzina lawo liyere. Anadzuka ngati alumidwa ndi linthumbu, n'kundigwira mkono.

"Chonde mayi a Chiso, musatero! Wa chibwenzi amakhululukidwa, ndi ambiri. Koma Mngoni wophunzira Chingoni pa foni, ndizikakhala pati pa ngoma? Anthu azingodziwa za chibwenzicho."

Ndiye mwamva, banja silinathe. Alendo atapita ankhoswe anakhalanso pakhonde, a Ngozo anagwada n'kupepesa tchimo limene sanachite, ine n'kukhululuka ndi nkhope yoyenera. A Goliati anawadzudzula mpaka mawu kusasa. Kumpingo anawakhazika pa benchi ya kumbuyo mpaka titakolola, iwo n'kumakhalapo mutu uli m'mwamba. Ine amayi a kwaya anandisandutsa chitsanzo cha kupirira, moti atsikana ongokwatiwa kumene amawatumiza kwa ine kuti ndiwalangize mmene ungagonjetsere mkazi mnzako. Ndimawalangiza, nanga n'kutani? Zithunzi za mdzukulu Chiso anatumizanso. Foni pano siisamba, ndipo ikafika pafupi ndi a Yoramu ndiye kuti ine ndafa.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Koma dzana ndikudutsa pa siteji ndi dengu langa, ndinawamva a Ngozo pa bawo, anzawo atawazungulira, bawo yaima. Akuti mkazi wa chibwenzi uja anali wamtali, woyera, wa galimoto yake. Akuti mpaka lero amawaimbirabe foni akulira, iwo ndi amene sayankha, chifukwa amalemekeza banja.