Mbaula Pamwamba pa Wadiropu

Lolemba

Lero sindikugwirika! Mbaula ndaitsuka, ndaikulunga m'pepala, ndaikweza pamwamba pa wadiropu. Ipume.

Nkhani inayamba dzulo ku tchalitchi. Mapemphero atatha, mwana wa abusa, mtsikana uja amachita kafukufuku wa zanyengo, anayankhula nafe amayi. Akuti mayiko anapangana kuti kutentha kwa dziko kusakwere kupyola digiri imodzi ndi theka, koma kafukufuku akuonetsa kuti malirewo tiwadutsa ndithu. Chatsala n'kulimbana kuti tisapite patali, kenako tibwererenso pansi. Akuti makala nawonso akuwonjezera mpweya woipa wotenthetsa dziko. Ine misozi lengelenge, ndikuganiza za mayi anga ku Nsanje, nyumba yawo ija inapita ndi madzi, ndi mapira awo omwe akupserera chaka ndi chaka.

Ndiye pakamwa pangapa. Ndinangozindikira ndaimirira, ndikulonjeza pamaso pa gulu lonse kuti m'nyumba mwanga sabata ino simuyaka khala ngakhale limodzi. Amayi onse kuwomba m'manja. Amene anawomba kwambiri ndi Mayi Alufandika, ogulitsa makala a m'timajumbo pakona pathu kuno ku Manja. Mtima wabwino bwanji.

Lamulungu likubwerali tisankha wapampando wa komiti yatsopano ya zachilengedwe. Tikupikisana awiri: ine ndi Mayi Chakhaza, aja amakhala wapampando wa chilichonse, ngakhale wa komiti yotsuka makapu. Ulendo uno mpando ndi wanga!

Zida zanga:
hotipuleti yobwereka kwa achemwali ku Nkolokosa
dengu lalikulu
bulangete la amuna anga a Domingo, eni ake sanadziwebe
manyuzipepala akale ndi utuchi, zoumbira makala a mapepala

Nzeru ya dengu anatipatsa mtsikana yemweyo. Nyemba ziwire kaye, poto umukulunge m'bulangete, umuike m'dengu, zipsa zokha iwe uli ku ntchito.

A Domingo angoti, "Ndiye dziko lonse likudikira mbaula ya pakhomo pano?"

Inde, likudikira.

Lachiwiri

M'mamawa nyemba pa hotipuleti. Zangoyamba kubwata, magetsi thi! Palibe kanthu, kuwira ndi kuwira. Ndakulunga, ndavindikira dengu, ulendo wa ku Limbe kukasoka.

Mu minibasi ndikuwalalikira anthu za digiri imodzi ndi theka. Kondakitala akuti, "Mami, zoti dziko likutentha sindikukana, koma tasunthani, pamenepo pakhala anthu anayi." Bambo wina kumbuyo akuti minibasi yomwe ndakwerayi ikufuka kuposa mbaula yanga. Nsanje basi.

Pakhonde pomwe ndimasokera maganizo onse ali pa nyemba. Kasitomala aliyense ndikumuuza kuti kunyumba kwanga akuphika ndi dengu, palibe moto. Wina wandifunsa ngati ndikumwabe mankhwala a malungo.

Madzulo ndikutsegula dengu ndi chimwemwe. Nyemba gwa, ngati miyala ya konkire. Bulangete likununkha msuzi wosapsa. Chakudya cha lero: buledi ndi madzi a shuga. A Domingo akutafuna, akuyang'ana pamwamba pa wadiropu.

Komabe khala silinayake. Ndikuwina!

Lachitatu

Vuto lomwe sindinaliganize: simbi. Simbi yanga ya ku ntchito ndi ya makala, pakhonde paja palibe soketi. Ndipo ndikusoka diresi la Rozina, mwana wa alamu anga, chinkhoswe chake chili Loweruka. Msoko uliwonse umafuna kusita.

Ndaiganizira mofatsa nkhaniyi ndikusamba. Ndinati "m'nyumba mwanga." Khonde la sitolo ya eni ku Limbe ndi nyumba yanga? Ayi. Nkhani yatha!

Ndadzera kwa Mayi Alufandika, mawu otsitsa. Kajumbo kamodzi, ka simbi. Iwo akuti, "Ka simbi, eetu mayi," n'kundiikiranso basera. Kajumbo ndakabisa pansi pa chikwama. Nsalu yoyera ya kasitomala wina yada mbali imodzi, ndimuuza kuti ndi fumbi la mu Limbe.

Madzulo magetsi alipo. Mpunga wapsa pa hotipuleti, tadya ngati mabwana a ku Mandala. Makala a mapepala ndaumba, ali padenga akuuma, okongola ngati zitumbuwa. Ndayeserera pagalasi mawu olandirira mpando. Pena pake ndiyenera kulira pang'ono, ndapeza kale malo ake.

Lachinayi

Alamu atulukira! A Zuze, akulu awo a amuna anga, bambo ake a Rozina, kuchokera ku Nsanje. Anyamula milamba youma ndi nkhuku zomanga miyendo. Kunja dzuwa likuswa mtengo, ine thukuta kamukamu, iwo avala jekete mpaka m'khosi.

"Kuno kukuzizira, mulamu. Timadzi tosamba titenthe pang'ono."

Mu Okutobala! Magetsi kulibe.

Mlendo, komanso mlamu, sungamupatse madzi ozizira. Mbiri ingafike ku Nsanje basi yomwe yawabweretsa isanabwerere. Ndatsitsa makala anga a mapepala, ndayatsa pa mafuwa kuseri. Kani mkati sanaume. Utsi wake! Woyera, wonunkha, wokwera mpaka kubisa phiri la Soche. Aneba athamanga ndi zidebe akukuwa kuti kwa atelala kwapsa, ndipo wina wandithira madzi ine m'malo mwa moto.

Mayi Chakhaza akuti amangodutsa. Amakhala kutsidya, njira yawo sidzera kuno. "Ndimayesa mukuliziziritsa dziko, mayi?"

Zandipweteka, sindinama.

Mbaula yatsika pa wadiropu. Kajumbo kachiwiri. Mayi Alufandika akuti, "Ka simbinso?" Ndangogwedeza mutu. Ndayatsira kuseri, chifukwa kuseri si m'nyumba. Alamu asamba, akuti takhuta, zikomo ya Chisena, avalanso jekete.

Lachisanu

Ndadzuka ndi nzeru yatsopano, mtima wayambanso kuvina! Mtsikana uja ananena yekha kuti malire adutsidwa kaye, kenako n'kubwerera pansi. Ndiye ine sindinalephere. Ndikungotsata sayansi. Ngati mayiko akuluakulu okhala ndi ndege akudutsa malire, telala wa ku Manja ndani?

Ananenanso kuti mitengo imamwa mpweya woipa uja. Basi, ndibweza zomwe ndafukiza. Ndagula mbande ya mango ku Limbe, ndaifungatira mu minibasi ngati khanda.

Ndikukumba dzenje kuseri, alandilodi atulukira atagwira m'chiuno. "Mayi, wobzala mtengo pa puloti ya eni ndiye kuti akufuna puloti. Lero mango, mawa muzidzati malo ndi anu." Ndawafotokozera za digiri imodzi ndi theka. Akuti ndikabzale kwa amene anapangana zimenezo.

Mbande ili m'chitini cha penti, pawindo.

Madzulo a Domingo, akuchotsa minga ya mlamba m'mano: "Kodi ndinakuuzani kuti zophika za chinkhoswe zichitikira pano?"

Sanandiuze.

Zophika mawa:
nkhuku
mpunga
nyemba, zenizeni
thobwa
madzi osamba alamu

Hotipuleti ili ndi diso limodzi. Achemwali atumiza uthenga kuti akuifuna.

Loweruka

Thumba lathunthu la makala! Lafika pa wilibala, Mayi Alufandika akukankha okha, ataliphimba ndi chitenje cha gulu lathu la ku tchalitchi. "Ndaphimba kuti anthu asaone, mayi." Manja yonse imachidziwa chitenje chimenecho. Anthu atuluka m'makomo kudzaonerera.

Mbaula yanga, mbaula ya aneba, mbaula ya alandilodi. Kenako Mayi Chakhaza, atasenza chimbaula chawo cha pamaliro, akuti abwera kudzathandiza. "Ndamva kuti zovala zosita zachuluka."

Ndikudzilimbitsa mtima: zonse zili panja. Lonjezo langa linali la m'nyumba.

Nkhuku zili pakati pa kupsa, kumwamba kwada bii. Chizimalupsa! Mvula yosapangana ndi munthu. Amayi onse kunyamula mbaula, thamangire pabalaza. Pabalaza panga! Mbaula zonse ndondondo pansi pa kalendala ya tchalitchi, mawindo ndi zitseko pululu, ine ndikukupiza moto ndi chivindikiro, Mayi Chakhaza akundiyang'ana mwachifundo chabodza.

Koma chinkhoswe chakoma, abale! Rozina m'diresi lija, msoko uliwonse chilili, ankhoswe a kuchimuna mpaka kufunsa telala wake. Nthungululu ndaimba mpaka mawu kusasa. Ndavina, ndaiwala dziko lonse ndi madigiri ake. Alamu avula jekete koyamba chibwerereni. Akuti tsopano kwafunda ngati kwathu.

Lamulungu

Ndavala bwino, ndapita. Kuthawa kukanaposa manyazi.

Andiitana kutsogolo kuti ndipereke lipoti. Ndayamba ndi sayansi: amayi, malire tadutsa, koma tibwerera. Mwana wa abusa akuyang'ana pansi, mapewa akugwedezeka. Ndisanafike pa malo olira aja, Mayi Alufandika aimirira kuti andithandize.

"Ine ndine mboni. Mayiwa ayesetsa. Nthawi zonse amabwera kudzagula akudandaula."

Tchalitchi chonse kufa ndi phwete. Ngakhale abusa.

Mpando wapita kwa Mayi Chakhaza. Ine andipatsa udindo woyang'anira mitengo ya komiti. Mitengo yake ndi mbande yanga ija ya m'chitini. Abusa alola kuti ibzalidwe kuseri kwa tchalitchi, bola ndizithirira ndekha.

Masana mayi aimba foni kuchokera ku Nsanje. Akuti kukutentha moti nkhuku zikungoyasamula pansi pa nkhokwe, iwo akugona panja. Za lonjezo langa anamva kwa alamu pa foni. Akufunsa ngati mbaula ija ndinaizimitsadi. Ndati ndikuyesa, mayi. Akuti yesa, mwana wanga. Apa ndiye ndalira zenizeni, popanda galasi.

Hotipuleti yabwerera ku Nkolokosa. Alamu anyamuka ndi jekete lawo. Pamwamba pa wadiropu ndaikapo sutikesi.

M'mawa ndisanapite ku tchalitchi ndinawiritsa nyemba pa mbaula, nthawi yokwanira ulendo uno, ndi timakala totsala dzulo, n'kuzikulunga m'dengu. Ndatsegula pano. Zapsa. Zofewa, msuzi wake wolemera, ndipo makala ndawotcha ochepa kuposa masiku onse. Palibe woombera m'manja, palibe mboni. Mwina kubwerera pansi kuja n'kumeneku, kaya.

A Domingo adya mbale ziwiri, kenako akufunsa kuti bulangete lawo libwera liti. Ndawauza kuti bulangete tsopano ndi la nyemba. Afunde chitenje, dziko likutentha kale.