Pempho Langa la ku Boma la Ndalama za Ana

Lolemba
Ine, mwini wa buku lino, ndikutsimikiza kuti lero ndayamba nkhani ya chithandizo cha ana anga awiri, Yohane ndi Esitere. Chifukwa chake: amuna anga, bambo a Yohane, ali ku migodi ya ku Joni zaka zinayi tsopano, ndipo kalata yawo yomaliza yatha zaka ziwiri. Amayi a Rajabu, oyandikana nafe, akuti akazi a amuna a ku Joni amalandira ndalama pa zenera la ku Boma. Ndikulemba pempho. Mawu aulemu ndikukopera pa lisiti la msonkho.

Lachiwiri
Chiwerengero cha zofunika pa mwezi. Ndikuwerengera nyemba pa mphasa, nyemba imodzi ndiyo kobiri limodzi.
1. Usipa.
2. Mchere ndi sopo.
3. Fizi ya Yohane ku sukulu ya mishoni.
4. Diresi la Esitere, amene akukula popanda chilolezo.
Ndapita kukavuula chinangwa. Pobwera, nkhuku yadya fizi yonse ndi theka la diresi!

Lachitatu
Ndikubwereza ndi timiyala. Afika achimwene anga, eni mbumba. Akuti n'chamanyazi kupempha kwa Mzungu iwo ali moyo, pakuti ana ndi awo. Atatero adya usipa wa masiku awiri n'kupita. Sindikudziwa ngati ndiwalembe pa nambala 5.

Lachinayi
Ku Boma, pa mzere kuyambira m'mawa. A kalaliki akufuna nambala ya chitupa cha amuna anga. Ndilibe. Ndawauza kuti ndi aatali, ali ndi mpata kumano, ndipo amaimba mluzu akamasoka ukonde. Akuti zimenezo sizilowa m'buku. Ayendetsa chala pa masamba atatu a bukulo, dzina la amuna anga palibe. "Mayi, Boma lilibe ndalama za ana. Limangopereka zimene mwamuna watumiza." Pempho langa aliyamikira kalembedwe, ndipo andibwezera.

Lachisanu
Ku bwalo la milandu. Mlembi wa kumeneko ndi wachifundo. Akuti njira ilipo imodzi: ndinene poyera kuti bambo a Yohane ndi mtchona, bwalo lithetse ukwati, ndipeze mwamuna wina wodyetsa ana. Pepala lakonzedwa kale, changotsala chala changa. Ndayang'ana inki nthawi yaitali. Ndawauza kuti chala chili ndi bala, ndidzabwera chikapola. Bala palibe.

Loweruka
Esitere, amene anabadwa bambo ake atapita, akufunsa ngati mawu awo ndi aakulu. Ndayesa kumuimbira mluzu uja, sukutuluka. Ndikulembanso pempho, koma lapotoka lokha: "Kwa Olemekezeka Bambo a Yohane. Mukudziwitsidwa kuti mango a pa mtengo wanu apsa kachinayi. Mukudziwitsidwanso kuti ngati ndalama palibe, mubwere chimanjamanja, simudzafunsidwa kanthu."

Lamulungu
Ku tchalitchi, kenako kunyumba. Zotsatira za sabata yonse: ndalama palibe, nyemba palibe, ukwati ulipo. Kalata ija ilibe keyala, choncho ndaipinda ndi kuiika m'thumba la jekete lawo lopachikidwa pa msomali. Akadzalivala adzaipeza. Mawa ndikagwira ganyu wopalira mpunga. Nkhuku ija ndaigulitsa kwa amayi a Rajabu, ndipo ibweza fizi imene inadya.