Mfuti Yosalala

Kuno kwa Malemia mukafunsa munthu wamawu aakulu, akulozerani kwa ine. Sukulu ndinalekezera sitandade thu, koma ndikatsokomola agalu a ku Domasi Mission amayankha. Ndiye manyazi amene ndinadya chaka chatha sindingawanene monong'ona.

Mkamwini wanga wa ku Joni anandibweretsera kamfuti kam'manja, kongolira popanda chipolopolo, koopsezera anyani amene amatsika m'phiri kudzakolola chimanga chathu. Chinthu chokongola, abale. Chakuda bii, cholemera ngati mwala wonolera. Pamwamba pake pali chitsulo chimene umakokera m'mbuyo, ukachisiya chimabwerera chokha, khwatcha, basi mfuti yatcheredwa. Amene anaganiza zimenezi, kaya ndi wa dziko liti, mayi ake anabala.

Chimodzi chokha chinandinyansa: timizere tokandakanda kumbuyo kwa chitsulocho. Ine ndinati a ku fakitale ankathamangira kuweruka. Ndinapita nako kwa Che Saidi, okonza njinga pamsika, kuti atipale ndi tupa n'kupakapo penti wasiliva wa madigadi a njinga. Anakana kawiri, amvekere wopanga mfuti salemba mzere wopanda ntchito. Ndinawafunsa ngati chibadwire anawomberapo ngakhale khoswe. Anapala. (Ntchito yawo ndimaiyamikira mpaka lero: munthu umadzionera mano pamenepo, amene atsala.) Kunyumba ndinawonjezerapo mafuta odzola, kuti iwale kwenikweni.

Mayi akunyumba ndinawauza kuti asiye zolondera munda ndi zitini, apite ku mvano mtima uli m'malo, chimanga chili m'manja mwa mwamuna. Ndinaitananso anansi atatu kuti adzaonere.

Dzuwa lili paliwombo anyani anatsika, wamkulu wawo patsogolo ngati mwini munda. Ndinakwera pachulu, chifuwa patsogolo, mfuti ili waliwali. Ndinakoka. Zala zinangoterereka ngati ndagwira mlamba. Ndinapukuta thukuta pathalauza n'kukokanso, chimodzimodzi. Ndinayesa ndi malaya, ndinaipana m'mawondo, mpaka ndinafika poiluma (dzino lina linayamba kugwedera pompo). Penti nayenso anali atalowa m'mphepete n'kuumira momwemo. Mnansi mmodzi anafunsa mwaulemu ngati anyaniwo tagwirizana zowaopseza ndi kalilole.

Ndinakuwa ndi mawu anga onse. Nyani wamkuluyo anandiyang'ana, n'kuthyola chimanga chinanso. Pamene tinkayamba kugenda ndi zibuma, mizere isanu ndi umodzi ya chimanga inali itapita.

Mayi atabwera anayendera mapesi onse. Kenako anatenga mfuti ija, kuitembenuza uku ndi uku, n'kundibwezera ndi manja awiri.

"Bambo, mphini zilipo ziwiri: zokongoletsa ndi zamankhwala. Inu mwafufuta zamankhwala."

M'mawa mwake ndinalawirira kwa Che Saidi. Sanaseke, ndi munthu woleredwa uja. Anangondifunsa ngati khoswe ndamupha. Anatokosa penti yense, anatenga sowo n'kuyamba kutema timizere tatsopano. Atatema titatu anandipatsa kuti ndiyese. Zala zinagwira ngati zamera pomwepo, khwatcha. Misozi inalengeza.

Ulonda wabwerera kwa mayi ndi zitini zawo, ine amangondiitana pofunika kuwomba. Koma timizere totsalato ndinawapempha Che Saidi kuti atipendeketse pang'ono, tioneke ngati nthenga za tambala. Munthu wamkulu ngati ine ndingaime pamaso pa anyani nditagwira chinthu chonyansa?