Ndinalipota Wondichapira

Pa nyumba yosungira okalamba ya ku Evington kuno ku Mangalande, faelo yanga imati ndine woiwalaiwala. Ndi bodza limenelo, koma analinena ndine.

Mkazi wanga atamwalira, mwana wanga anandibweretsa kuno ndi sutukesi imodzi komanso chitenje cha mayi ake, chimene ndimafunda m'maondo. Tsiku lina pochokera kokadya phala (phala lake, Mulungu awakhululukire), ndinapeza chitenje palibe. Ndinanyamuka ndi ndodo yanga mpaka kwa manijala, mzungu wabwino koma wokonda mapepala, n'kumuuza m'Chingerezi changa cha Sitandade faifi kuti muno muli mbava.

Ine ndimati akalipa pang'ono pakhonde, wotengayo n'kudzabweza mwakachetechete ngati kwathu. Iye anatulutsa fomu. Anaimbira mwana wanga, n'kunena kuti kukhonsolo adziwe, mwinanso apolisi. Ndisabise, ndinanyada kuti chitenje cha pamsika wa Limbe chagwedeza Mangalande.

Masana analowa Chisomo, mayi wa ana awiri wa ku Ntcheu amene amandisambitsa. Anagwada pafupi ndi mpando wanga, m'manja muli chitenje chochapa bwino, chositasita.

"Adadi, mwandilipota?"

Anati makina apano amachapa ndi madzi owira, chikanasuluka, ndiye anapita nacho kwawo ku Highfields kukachapa pamanja. Koma kuno kutulutsa katundu wa nkhalamba osalembetsa ndi mlandu wochotsedwa nawo ntchito, ndipo viza yake yagona pa ntchito yomweyi.

Mawa lake ndinalowa mu ofesi nditavala jekete. Ndinati ndinamutuma ndine, ndinangoiwala. Manijala anandifunsa ngati ndimaiwala kawirikawiri. Ine, munthu wokumbukira dzina la ng'ombe iliyonse ya bambo anga, ndinamuyang'ana m'maso.

"Kwambiri. Kodi inuyo ndinu ndani?"

(Apa ndiye ndinanyanyira.)

Chisomo anangochenjezedwa, ntchito ikupitirira. Ine anandiitanira dokotala wondijambulitsa wotchi papepala n'kumandifunsa kuti tili mwezi wanji, ndipo amabwerabe. Ndimalakwitsako funso limodzi, kuopa angatulukire.

Tsopano chikasowa chinthu ndimayamba ndafunsa Chisomo m'Chichewa, chitseko chili chotseka. Iye m'mawa uliwonse amalowa akuseka: "Adadi, lero mwandikumbukira?"

Ndimamuuza kuti ayi, ine sindidziwana ndi mbava. Kenako ndimamupatsa chitenje kuti andifunditse.