Tambala wa apongozi ndi zitini za ku Joni

Anzanga, nditamva kuti apongozi akubwera kuchokera ku Utale kudzaona mdzukulu wawo Asiyatu, tulo sitinabwere. Mayi amenewa ali ndi BP, shuga nayenso alipo, moti kuchipatala anawaletsa mchere wambiri ndi zotsekemera. Komanso chikwatiwire amanditenga ngati kamwana kosadziwa kuphika. Nanga tambala wanga ndimuphika ndi chiyani, poti inali nthawi ya dzinja, matimati pa Ulongwe atasowa, otsalawo ali mabala okhaokha?

Kutacha ndinakumbukira katundu amene alamu anga, Che Yusufu, anabwera naye kuchokera ku Joni: chitini chachikulu, tizitini ting'onoting'ono ndi botolo lofiira, zonse zojambulidwa matimati. Ndinati basi, nkhani yatha. Sukulu ndinasiyira panjira inde, koma maso ndili nawo, chinthu ndikachiyang'ana sindiphonya. Chizungu cha m'mbalimo sindinavutike nacho. Kodi matimati amafuna kuwerenga?

Tambala ndinakamuzingitsa kwa ashehe, n'kumuika pamoto. Nditaboola chitini chachikulu chija ndi mpeni, ndinapeza matimati osenda, oterera, akusambira m'madzi. Ndinati aaa, awa anavundira m'basi, ndiwaphe nawo apongozi? Ndinakawakhuthula kudzala, chitinicho ndinachitsuka bwinobwino n'kuchiika pamtsuko chomwera madzi. Mayi wosamala ameneyo!

Tizitini tija ndinaona kuti n'tochepa, ndiye kochepa n'kofooka, ndinakhuthulira tonse mumphika, mchere n'kuwaza pang'ono pokumbukira BP. Mayo ine! Msuzi unasanduka matope a katondo, kuphulika phwa phwa, mthiko kuima wokha. Kulawa, kuwawasa kwake mpaka makutu kuyabwa, mchere ngati ndathira chikho. Kuthira madzi, wofiirabe. Kuthiranso, mphika kudzaza, tambala osaonekanso. Ndiye ndinanyambita za m'botolo zija, zokoma tseketseke, ndinati mankhwala ake ndi amenewa, n'kukhuthuliramo. Za shuga sindinaganizeko. Inuyo mukanaganiza kuti m'matimati munthu angathiremo shuga?

Apongozi atakhala pamphasa ndinagwada n'kupereka mpunga ndi ndiwo, mtima uli m'malo. Anavuula ntchafu, kuluma kamodzi, kutsinzina, n'kuitanitsa madzi.

“Amake Asiyatu,” anatero mofatsa, “kodi tambalayu wafa ndi mpeni kapena wachita kumira?”

Alamu, amene ankadyera pakhonde ndi amuna anga, anabwera akupukuta misozi. “Alamu, mwathira tizitini tingati?”

“Tonse, alamu. Si tating'ono?”

“Tonse? Amenewo ndi matimati ambirimbiri ophwetsa madzi, supuni imodzi ikwana mphika, ndipo mtundu umenewu anathiramo kale mchere. Nanga kutsekemeraku?”

Ndinaloza botolo.

“Sosi ameneyo ndi wa pa tchipisi, ndi shuga yekhayekha! Cha amayi n'chachikulu chija, muli matimati enieni, opanda shuga, mchere wake wochepa. Katengeni, tiwaphikire mazira msanga. Chili kuti?”

Apongozi anali atachigwira ndi manja awiri, akugugudiza madzi.

“Ndi chimene akumweracho amayi,” ndinatero.

Anthu anaseka mpaka Asiyatu anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Apongozi tsiku limenelo anadyera nkhwani wotendera wopempha kwa anansi, tambala wanga anathera amuna aja atamutsuka ndi madzi ngati mbale.

M'mawa mwake ndinabereka Asiyatu, ulendo wa kumsika wa Ulongwe. Ndinasankha matimati a mabala omwe aja, lililonse kulitembenuza, kulifinya, kulinunkhiza, mpaka wogulitsa anandifunsa ngati ndikusankha mwamuna. Ndinaphikira usipa, kamchere kongotsina, apongozi anaseteka mbale, n'kupempha chitini chija kuti apite nacho ku Utale, ati madzi ake amakoma. Ndinawapatsa ndi manja awiri. Koma ndalumbira, matimati amene sindingawafinye ndi dzanja langa mumphika mwanga sadzalowanso, olo abwere pa ndege.