Maluwa a Pichesi Asagwe Mpaka Loweruka

Lolemba
Tadala waimba foni kuchokera ku Japan. Afika Loweruka, ndipo sali yekha, akubwera ndi mayi a mnyamata wofuna kumukwatira.
Akuti mayiwo amakhala pafupi ndi paki yakalekale yotchedwa Ueno. Poyamba panali kachisi wamkulu, kenako panamenyedwa nkhondo, kenako anatsegulira aliyense. Muli dziwe, nyama za m'makola, nyumba zosungira zinthu zakale. Koma chotchuka ndi mitengo ya maluwa. Anthu amayala mphasa pansi pake n'kumangoyang'ana m'mwamba. Ndiye mwana wangayu, pakamwa posatseka, anawauza kuti kwathu ku Ntcheu iliponso. Akunena mtengo wa pichesi wa kuseri kwa khola! Wachita maluwa, inde. Koma uno ndi Ogasiti, mwezi wa mphepo. Ndikuopa.

Lachiwiri
Adani a mtengo:
mphepo
mbuzi za aneba anga aNachisale
ana a sukulu ndi malegeni awo
bambo ake Tadala, amene amatsamiritsapo njinga.
Ndazinga mpanda wa udzu. Bambowo akuti, "Maluwa sadyedwa. Uwauze abwere mapichesi akapsa." Munthu ameneyu mantha sawadziwa.

Lachitatu
Ndikuyeserera, kuti ndisadzachite manyazi. Ndayala mphasa, ndakhala chete, maso m'mwamba. Khosi likuwawa. Kodi anzathuwo amaonamo chiyani?
ANachisale andiona. Amanga chitenje, abwera mwakachetechete, akhala pambali panga. Kenako amayi ena. Wina wayambitsa nyimbo ya maliro, wina wakaika kale masamba pamsewu. "Pepani mayi, zachitika nthawi yanji?"
Ndafotokoza kuti ndikuonera maluwa. Bola ndikanangoti maliro! Tsopano mudzi wonse ukuti mutu wanga wasokonekera. Nanga akadzauza alendo?

Lachinayi
Chimphepo! Mpanda wagwa, n'kugweranso nthambi zomwezo. Maluwa mbwee pansi. Ndasesa msangamsanga, ndakataya kudzala. Ndamanga zitenje kumbali yochokera mphepo. Chimodzi chauluka, mwina chili ku Mozambique.

Lachisanu
Ku Lizulu, kukagula maluwa a pulasitiki. Ndapeza ofiira okhaokha. Ndamangirira ndi ulusi, mtengo ukuoneka ngati galimoto ya akwati. Mbuzi ya aNachisale yameza limodzi, ikutsokomola, eni ake sakundipatsa moni. Ndachotsa onse. Pochotsapo enieni athothokanso ambiri. Ndasesanso.
Mayiwo akati mwana wanga ndi wabodza, ukwati n'kutha, ndidzamuyang'ana bwanji Tadala?

Loweruka
Bwalo ndasesa mbee, mizere ya tsache ikuoneka. Mlendo asapeze chinyalala pakhomo panga, bola pamenepo.
Afika. Mayi ochepa thupi, aulemu woopsa. Iwo kuwerama, ine kugwada, iwo kuweramanso. Mawondo anga!
Tapita kumtengo. Maluwa otsala ndi owerengeka. Mayiwo ayang'ana m'mwamba pang'ono, kenako pansi, nthawi yaitali. Afunsa kanthu m'chinenero chawo. Tadala akundinong'oneza: "Akuti ogwawo ali kuti? Kwawo chokoma kwambiri ndi pamene akugwa, pansi ponse n'kudzaza maluwa. Amayi, musandiuze kuti mwasesa."
Sabata yonse, mwanawe. M'mawa ndi madzulo.

Lamulungu
Ukwati ulipo, atero mayiwo. Koma tsache andibisira.
Kutchalitchi sindinapite, ndikuphikira alendo. Iwo ayala mphasa kudzala, pafupi ndi phulusa ndi makoko a kachewere, pamene pali mulu wa maluwa a sabata yonse. Akujambula, akusangalala. ANachisale abwera, akhala pambali pawo, ulendo uno sakufunsa.
Basi, ndagonja. Mayiwo akuti chithunzicho akachipachika pabalaza, abale onse a ku Japan aone kwawo kwa mkwatibwi. Dzala langa.