Njinga yoposa ya alamu

Anzanga, nsanje ndi matenda, ine ndinadwalapo. Alamu anga a Dayitoni, mchimwene wa akazi anga, munthu wamtali ngati mlaza, anabwera kuchokera ku Joni ndi njinga yamatayala owonda, mahandulo opindika ngati nyanga za nkhosa. Akaliza belu mudzi wonse makosi tcheu! Mpaka akazi anga omwe ati, "Achimwene akakwera amangokhala ngati a DC." Nanga ine ndimakhala ngati chiyani, thumba la matemba?

Nditakolola mpunga wanga ku Likangala n'kuugulitsa, ulendo wa ku Zomba kwa mmwenye wogulitsa njinga. Iye anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo sanachedwe kumaliza poti ine ndine wamfupi. "Bambo, tayimani njinga ili pakati pa miyendo. Mtanda ukakugundani, iko hapana saizi yanu." Ine ndiye, "Bwana, sindinabwere kudzayezedwa. Ndipatseni yaikulu m'sitolo muno!"

Kukwera kwake ndinkachita kuyamba ndafuna chulu. Ndikakhala pachishalo, phazi limatsanzikana ndi pedulo n'kudikira kuti abwerenso, matako uku ndi uku ngati bakha. Koma kutalika ndinatalika, alamu ndinawaposa ndi chipewa chonse.

Loweruka masana ndinati ndikadzionetse. Ndili pakanjira kopyapyala ka pakati pa minda ya mpunga, ndinangoona kutsogoloku apongozi anga aakazi ndi mnzawo, mitolo ya nkhuni pamutu. Mukudziwa kwathu kuno mkamwini sadutsa apongozi iye ali panjinga, umatsika, n'kupatuka, n'kunjuta. Nanga chulu ndichipeze kuti mumpunga? Ndinagwira mabuleki, phazi kufufuza pansi, pansi palibe! Ndinatsetsereka pachishalo, mtanda uja n'kundilandira pamalo posatchula. Mayo ine! Kenako phava! m'matope chamutu, khadi la chipani likuyandama.

Apongozi, poti sayankhula nane maso ndi maso, anatembenukira kwa mnzawo. "Awuzeni bambo a Esitere kuti ulemu wakwana, atuluke."

Alamu atafika anayamba kuvuula njinga, ine pambuyo. Anaipukuta, mwendo ponyu, mapazi onse awiri pansi bwinobwino, n'kundifunsa, "Alamu, mwadziwa bwanji saizi yanga?"

Mpunga wa chaka chonse umenewo! Ndinalumbira ndili chikhalire m'matopemo kuti sindidzagulanso kanthu poyeza ndi miyendo ya mwini wake.